Abu Layth ndi Tsiku la Madzi ku Zarqa

Ndamudziwa Nayef Khreisat zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndipo zaka zonsezo ndakhala ndikumuyendetsa pa galimoto ya ofesi. Tonse timamutchula Abu Layth. Ndi loya wa mapatenti kuno ku Amman. Munthu akapanga chipangizo chatsopano, iye ndiye amalemba kalata yochifotokoza kuti boma lipereke chiphaso choletsa ena kubera luso lakelo. Sindimunamizira ubwino womwe alibe. Amapsa mtima msanga, amadula anthu pakamwa, ndipo mpando wake ukadali watsopano chifukwa saukhalira. Foni amayankha akuzungulira tebulo, chakudya amadya chiimire.

Lamulo anali nalo limodzi: salemba za chinthu chomwe sanachigwire ndi manja ake.

Chaka chadzana eni ofesi anagula pulogalamu ya pakompyuta yolemba makalata amenewa. Anabweretsanso mphunzitsi, mtsikana wina dzina lake Tala Nimri, kuti aphunzitse maloya masiku atatu. Tsiku loyamba Abu Layth anangoima pazenera, akuseweretsa mikanda yake ya mapemphero.

"Malume, khalani pansi, makinawa saluma," anatero Tala.

"Mwana wanga, ine ndinayamba ntchitoyi iwe usanamere mano."

"N'chifukwa chake ndikufuna mukhale. Miyendo imeneyo yayenda mokwanira."

Anzake anaseka, iye n'kukhala.

Tsiku lachitatu, lomaliza, lomwe linali Lachiwiri pa sabata, Tala anauza aliyense kuti atenge ntchito yeniyeni yomwe ili pa tebulo pake. Abu Layth anatenga ya Mayi Khawla Obeidat, pulambala wa ku Zarqa, mzinda woyandikana ndi Amman. Kwawoko madzi amafika kamodzi pa sabata, ndipo oyamba kutuluka amakhala ofiira ndi dzimbiri. Mayiwo anapanga kabokosi kachitsulo komangirira pa paipi yolowa m'thanki ya pamwamba pa nyumba. Kamataya madzi oyipawo kunja, kenako kamadzitseka kokha n'kulowetsa oyera. Lachinayi ankapita kukakaonetsa ku chionetsero cha zamalonda. Apa ndiye panali vuto. Chinthu chikaonekera kugulu kalata isanalowe kuboma, maiko ambiri amati si chatsopanonso. Ndipo kalata ikalowa, sungawonjezeremo chomwe unaiwala.

Abu Layth anali asanakaone kabokosiko. Anali ndi fomu yomwe mayiwo anadzaza ndi chithunzi chojambula pamanja. Anazipereka kwa makinawo. Ola lisanathe, masamba makumi awiri anatuluka, osalala, opanda chilema. Tala anawaonetsa kwa onse.

"Onani wophunzira wanga wovuta uja! Wapambana nonsenu."

Ndinene zoona, chiyamikirocho chinamukomera. Anasaina, n'kuuza mlembi kuti atumize kalatayo m'mawa mwake.

Koma pobwerera kunyumba mtendere unamuthawa. Ankatsegula zenera, n'kutseka, n'kutsegulanso. Anawerenga masamba aja kawiri kufuna cholakwika, osachipeza, ndipo kusachipezako ndi komwe kunamuvuta. Kabokosi kotere, kokhala ndi kampira kotseka madzi m'kati, anakaonapo m'makalata a anthu ena. Nanga mayi wa zaka makumi asanu angatseke ntchito masiku awiri, kupita ku chionetsero ndi chinthu chomwe ena anachipanga kale? Panali china chomwe mayiwo sanachinene.

"Ku Zarqa madzi amabwera liti?" anandifunsa.

"Mawa."

"Undipeze kukacha. Ndipo umuuze mlembi asakhudze kanthu."

Tinawapeza Mayi Khawla pamwamba pa nyumba ya nsanjika zinayi, sipanala ili m'manja. Abu Layth anafika pamwambapo akupuma ngati mvukuto.

"A loya, mwabwera kudzafera padenga langa?"

"Ndabwera kudzaona chinthu chanu, mayi. Madzi ali kuti?"

"Mukawafunse aboma. Mwina tsopano, mwina masana. Khalani apo, khofi akubwera."

Sanakhale. Maola atatu anazungulira mathanki, akugogoda mapaipi, akuyang'ana wotchi. Foni inalira kanayi. Mwini ofesi ankafuna kudziwa chifukwa chake kalata yosainidwa kale ikugonabe. Ulendo wachinayi Abu Layth anazimitsa foniyo.

Dzuwa lili paliwombo, paipi inatsokomola. Mayi Khawla anagwada, n'kumangirira kabokosi kaja. Atamaliza anatulutsa m'thumba kachidutswa ka patapata wakale, n'kukalowetsa pansi pa mbali imodzi. Kabokosi kanapendekeka pang'ono. Madzi ofiira anathovokera kunja, kenako kunamveka kuti kho, ndipo oyera anayamba kulowa m'thanki.

"Taimani! Chimenecho mwachitiranji?"

"Chiti?"

"Patapatayo!"

"Aa, a loya, sukulu yonse ija? Kakaima chilili, kampira kamatseka msanga, dzimbiri lonse n'kulowa m'thanki. Kakapendekeka chonchi, kampira kamakwera pang'onopang'ono. Ndinayesa miyezi isanu ndi umodzi kuti ndipeze mpendekero wake."

"Nanga bwanji simunalembe pa fomu?"

"Ndilembe za patapata pa pepala la boma? Mundiseke?"

Abu Layth anagwira mutu. M'kalata yomwe anasaina munalembedwa kuti kabokosi kamaima chilili, monga mmene chithunzi chinkaonetsera. Ikanalowa choncho, akanateteza chinthu chosagwira ntchito, ndipo luso lenileni likanakhala pambalambanda Lachinayi, aliyense n'kulitola.

Anayeza mpendekerowo, n'kuwauza mayiwo kuti achotse patapata, abwezeretse, achotsenso. Kenako anatsika masitepe akuthamanga. Kale ntchito yokonzanso kalata yotere inkamutengera sabata yathunthu, ndipo iye anatsala ndi masana amodzi. M'galimoto anaika kompyuta pamiyendo n'kuimbira Tala.

"Mwana wanga, makina ako aja alemba bodza," anatero atamufotokozera za patapata uja.

"Alemba zomwe munawapatsa, malume. Munawauza za patapata?"

Abu Layth anatsegula kalata ija pa kompyuta.

"Chabwino. Ndiwauze bwanji kuti asinthe paliponse pomwe pali mawu oti chilili?"

Kuchoka ku Zarqa mpaka ku Amman anali pa foni, Tala akumulangiza, iye akulemba, akutukwana makinawo akaika mawu owonjezera, akundikalipira ine ndikaponda dzenje. Mfundo yoyamba, yomwe ndi mtima wa kalata yonse, anailemba yekha papepala ndi cholembera, n'kuifufuta kasanu. Zotsalazo anasiyira makina, koma anawerenga mzere uliwonse mokweza, chala chili pagalasi. Kalata inalowa kuboma ofesi zisanatseke.

Kuyambira pamenepo makinawo amawagwiritsa ntchito tsiku lililonse, ngakhale sanawayamikirepo pakamwa. Maloya achinyamata akamubweretsera kalata, funso lake ndi limodzi: "Wachiona chikugwira ntchito?" Akakayika, amawaponyera makiyi a galimoto, ine n'kuyamba nawo ulendo wokachiona.

Lachinayi lija tinapita ku chionetsero. Mayi Khawla anali atawotcherera kamwendo kachitsulo m'malo mwa patapata, ndipo anthu anadzaza pa tebulo pawo. Atamuona Abu Layth anamukokera pambali.

"Ndiye chiphasocho ndikatenge liti?"

"Boma limafufuza kaye. Zaka zitatu, mwina zinayi."

"Zinayi! Inu ndi imvi zimenezo mudzakhala mutapuma. Ndidzatsala ndi anyamata osadziwa kumene kuli denga langa."

Zinali zoona, ankayenera kupuma ntchito kumapeto kwa chaka chomwecho, ndipo mkazi wake anali atayamba kale kulongedza katundu wopita kumudzi ku Salt. Abu Layth anaika dzanja pachifuwa.

"Sindichoka mu ofesi muja mpaka nditakubweretserani chiphasocho ndi dzanja langali."

Zaka ziwiri zapita. Aboma anabweza mafunso kawiri, iye n'kuwayankha. Chiphaso sichinatuluke, ndipo Abu Layth akubwerabe kuntchito m'mawa uliwonse.