Kutsitsa Kanema wa Maliro a Mwana wa a Shaba

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pulinta yodya mapepala. Ndinali nditangofika ku Mzimba kuchokera kwathu ku Dowa, ndikukhala kwa azakhali anga pa Boma. Ndinali ndi satifiketi ya Fomu 4 ndi kapepala ka maphunziro a kompyuta a miyezi itatu, koma kayendedwe kanga kanali ngati kompyutayo ndinaipanga ndine. Tsiku lina ndinalowa m'kashopu ka intaneti kufupi ndi msika kukasindikiza kalata yofunsira ntchito kwina, ndipo ndinapeza mwini wake akulimbana ndi pulinta, pepala litakodwa m'kati. Ndinatsegula kumbuyo n'kulisolola osang'amba. Bamboyo anawerenga kalata yanga ikutuluka, kenako anati, "Kalata iyi musapite nayo patali. Mubwere mawa seveni koloko."

Amenewo anali a Ziba, bambo wamtali wosakonda zolankhulalankhula, amene anagwirapo ntchito mu ofesi ya kampani ina yocheka matabwa ku Viphya. Kwathu ndine Naphiri, koma iwo anangoti NyaPhiri, ndipo dzinalo linandikakamira mpaka lero. M'shopumo munali makompyuta anayi akale, onse akumwa intaneti pa dongolo imodzi, kachipangizo kokoka netiweki ya foni, imene tinkaipachika pawindo ndi chingwe chachitali, poti netiweki inkagwira pokhapo. A Ziba anali atatopa ndi mavairasi obwera ndi mafulashi a makasitomala, choncho makompyuta onse anawaikamo Linux.

Intaneti ya masiku amenewo inkafuna munthu wodekha. Ukamatsitsa fayilo yaikulu pa bulauza, inkayenda mpaka pakati, netiweki n'kugwa kapena magetsi n'kuzima, basi wayambiranso pa ziro. Ndiye a Ziba anandiphunzitsa kutsegula teminolo, zenera lakuda lija lolembamo malamulo, ndi kugwiritsa ntchito wget. Umalemba wget, kenako linki, n'kudina Enter, ndipo pansi pamatuluka mzere wosonyeza maperesenti, liwiro ndi nthawi yotsala. Ukawonjezera -c, fayilo yodukira panjira imapitirira pamene inalekera. Ukawonjezera -t 0, wget satopa kuyesanso netiweki ikagwa. Pali --limit-rate wochepetsa liwiro kuti makasitomala ena asadandaule, ndiponso -O wopatsa fayilo dzina limene iwe ukufuna. Sabata ziwiri zisanathe zonsezi zinali zitakhazikika m'zala zanga, ndipo ndinkasangalala anthu akamasuzumira zenera lakudalo ngati ndikuchita zamatsenga.

A Ziba anali ndi malamulo atatu. Faifi koloko ikakwana, chilichonse chizimitsidwe pakhoma, chifukwa magetsi obwera ndi mphamvu anawaotcherapo kompyuta. Lamulo lililonse la wget lilembedwe m'kabuku kofiira, ndipo polibwereza uzikopera m'kabukumo. Ndipo fayilo yosatha, tisanatseke, izikopedwa pa fulashi ya pashopu. Loyambalo ndinkalimvetsa. Awiri enawo ndinkawaona ngati zaukalamba. Munthu wa mutu ngati wangawu n'kumakopera m'kabuku ngati mwana wa Sitandade 2?

Lolemba lina m'mawa kunabwera bambo wachikulire, njinga ataitsamiritsa pakhonde, chipewa chili m'manja. Anati ndi a Shaba, ochokera ku Manyamula. Anatulutsa kapepala kopindapinda kolembedwa adiresi ya imelo ndi mawu ake achinsinsi.

"Mwana wane Gomezgani wafwira ku Joni," anatero. "Thupi silinabwere yayi, anzake anamuika komweko. Akuti anajambula maliro onse, ndiye kanemayo ali m'makina mwanumu. Ndapota, nditulutsireni."

A Ziba anawapatsa mpando, ndipo nkhani yonse inatuluka pang'onopang'ono. Kumudzi anali atakhala pamaliro opanda bokosi. Achibale anagwirizana kuti kumeta kuchitike Loweruka, kuti obwera kutali abwerere kwawo. Koma mayi a malemuyo anakana. Anati sangamete maliro a mwana amene sanamuone akulowa m'manda, mwina ali moyo ndipo anthu akungonama. Chakudya ankangochigwiragwira, ndipo galimoto ikalira kumsewu ankadzuka kukaona. "Akaona yekha, mbwenu mtima ukhala pansi," anatero a Shaba. Anali atapangana kale ndi mwini wa nyumba yoonetsa makanema pa Manyamula kuti Lachisanu madzulo banja likaonere kumeneko.

Ndinatsegula imeloyo n'kupeza linki yaitali ya zilembo zosokonekera. Nditayambitsa wget, seva, kompyuta ya kutali imene inasunga kanemayo, inanena kuti fayiloyo ndi ya mamegabaiti pafupifupi mazana asanu ndi awiri. Ndinayang'ana liwiro, ndinawerengera maola a pashopu, ndipo ndinawauza a Shaba mosakayika kuti abwere Lachisanu masana adzatenge disiki yawo. Lamulo lake linali wget -c -t 0 --limit-rate=7k -O maliro.avi kenako linki. Ndinalilemba m'kabuku a Ziba akundiyang'ana.

Lolemba ndi Lachiwiri zinayenda bwino. Netiweki inkagwa, wget n'kudzuka yekha. Lachiwiri potseka tinali pa 48 peresenti, ndipo ndinakopera fayiloyo pa fulashi uku ndikung'ung'udza. Lachitatu a Ziba anapita ku Edingeni kukaona ng'ombe zawo, ine n'kutsala ndekha. Potseka tinali pa 74. Kukopera pa fulashi yakaleyo kunkatenga mphindi zingapo, ine ndikuthamangira kwaya, ndiye ndinangozimitsa pakhoma n'kukhoma chitseko. Ndinadziuza kuti fayilo siithawa m'kompyuta.

Lachinayi m'mawa ndinadzutsa lamulo lija ndi batani la muvi wokwera, limene limabweretsa zimene unalemba kale, ndipo fayilo inapitirira. Cha m'ma leveni koloko, tili pa 85, magetsi anazima. Anabwera cha m'ma thu koloko. Ndinayatsa kompyuta, ndinatsegula teminolo, ndinadina muvi uja, koma kunatuluka malamulo ena akale osokonekera, poti kuzima kwadzidzidzi kunali kutaononga mndandanda wa malamulowo. Kabuku kofiira kanali pompo, pambali pa kiyibodi. Sindinakakhudze. Kumbuyo kwanga kunali aphunzitsi awiri akudikira kusindikiza, ndipo ndinafuna aone mmene zala zanga zimathamangira. Ndinalemba kuchokera m'mutu, ndinamata linki, n'kudina Enter.

Mzere unatuluka ukunena 0 peresenti.

Ndinadina Ctrl ndi C msangamsanga kuti ndiimitse, ndinalemba ls -lh kuti ndione kukula kwa fayilo, ndipo maliro.avi inali ndi timakilobaiti towerengeka. Ndinali nditasiya -c. Amene amadziwa wget akudziwa kale chimene chinachitika: ukapereka -O popanda -c, iye amakhuthula fayilo ya dzina limenelo nthawi yomweyo n'kuyamba kulemba mwatsopano, osakufunsa n'komwe. Ntchito ya masiku atatu ndi theka inapita m'kuphethira kwa diso. Chimene ndinkaona m'maganizo ndi mayi amene sindinawaonepo, akudzuka kukayang'ana kumsewu.

Ndinganame kuti sindinaganize zonamizira magetsi. Zikanatheka bwinobwino, chifukwa ku Mzimba magetsi amasenza milandu yambiri imene si yawo. Koma ndinawerengera kaye. Kuyambira pa ziro kunkafuna maola oposa makumi awiri, ndipo tinalibe. Pa fulashi panali 48 ya Lachiwiri. Ndi liwiro lochepetsedwa lija sizikanakwana, koma ndikanachotsa --limit-rate, dongolo yonse n'kukhala ya fayilo imodzi, liwiro likanawirikiza kawiri. Maola asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Zikanatheka, pokhapokha wina aliyense asakhudze intaneti, ndipo chilolezo cha zimenezo chinali cha mwini shopu. Kuti andipatse, ndinayenera kunena zoona.

Ndinawapeza a Ziba kuseri akudula mapepala. Ndinawauza zonse: kuti sindinakopere m'kabuku, kuti dzulo sindinakopere pa fulashi, ndi mmene ndinkaganizira kuti tikonzere. Anaika lumo pansi.

"NyaPhiri, ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo," anatero. "Madzi atayika, sitiola. Pitani mukayambitse. Makasitomala ndilankhula nawo ndine."

Sanakweze mawu, ndipo zinandipweteka kuposa akanandikalipira. Ndinakopera fayilo ya pa fulashi kubwezera m'kompyuta ndi lamulo la cp, ndinatsegula kabuku, ndipo ndinalemba lamulo chilembo ndi chilembo, chala chili pa mzere ngati mwana wa Sitandade 2 uja. Ndinaliwerenga kawiri ndisanadine Enter. Mzere unadumpha n'kuyambira pa 48. A Ziba anazula zingwe za makompyuta atatu enawo, n'kumata pepala pachitseko lonena kuti intaneti palibe mpaka mawa masana, kusindikiza kokha. Ena anabwerera akudandaula, ndipo mayi wina amene ankafuna kulembera mwamuna wake ku Joni anatinena kuti tayamba matama. A Ziba anangoti, "Phepani chomene, amama, ndi za maliro," ndipo mayiyo anasiya pomwepo.

Faifi koloko tinali pa 66. Ndinawapempha kuti tsiku limenelo lokha tisazimitse, koma anakana. Anati magetsi akabwera ndi ukali tidzataya kompyuta ndi fayilo yomwe. Ndinakopera pa fulashi, ndinayang'ana kukula kwa kopeyo, kenako ndinazimitsa.

Lachisanu ndinafika sikisi koloko, misika isanayalidwe. M'mawa netiweki imakhala yopepuka, ndipo mzere unkayenda mokondweretsa. Unagwa kawiri, wget n'kudzuka yekha. Pa ola lililonse ndinkaimitsa, kukopera pa fulashi, n'kupitiriza ndi -c, popanda wondiuza. A Shaba anafika cha m'ma leveni, fumbi lili m'miyendo, tili pa 93. Ndinawauza kuti ndinalakwitsa dzulo ndipo n'chifukwa chake sizinathe, koma zitha asanaweruke a m'maofesi kupita ku nkhomaliro. Sindikudziwa ngati anamva za -c, koma anakokera mpando pafupi n'kumayang'ana nambala ija limodzi nane. Atafunsa kuti ikafika pati, ndinati pa 100. Kuyambira pamenepo ankaiwerenga mokweza ikasintha.

Itakwana, wget analemba kuti fayilo yasungidwa. Ndinafananiza kukula kwake ndi kumene seva inanena Lolemba, ndipo manambala anagwirizana mpaka pa baiti yomaliza. Komabe fayilo yolumikiza imafunika kuiona ndi maso, makamaka pakati pamene inadukira ndi kumapeto. Ndinawafunsa a Shaba ngati angakonde kutuluka kaye.

"Yayi, mwana wane," anatero. "Ndione ine poyamba, kuti ndikadziwe pomugwira mayi wake."

Ndinatsegula. Pakati panali bwino, anyamata ovala majekete akuimba nyimbo ya Chitumbuka pamanda a dziko la eni. Ndinadumphira chakumapeto. Bokosi linali lotsegula mbali ya kumutu, ndipo wojambulayo anayandikira. A Shaba anadzuka pampando, anaika dzanja pamwamba pa sikirini, n'kunena motsitsa, "Ndiye. Ndi Gomezgani." Ine misozi inangotsika, osaibisa. Ndinawotchera kanemayo pa madisiki awiri, ndinayesa onse pa DVD ya pashopu, ndipo a Ziba anawakulunga m'pepala la pulasitiki kuopa fumbi la m'njira.

Papita zaka zambiri. Lero ndimayang'anira maseva, intaneti ndi yothamanga, ndipo fayilo ngati ija imatsika ndisanamalize kumwa tiyi. Anzanga a ntchito amandiseka kuti ndine wachikale, chifukwa lamulo lililonse lokhudza fayilo ya munthu ndimalikopera kuchokera pamene ndinalilemba, ndimaliwerenga kawiri, ndipo sindilidina ndisanasunge kope kwina. Ndimawasiya aseke. Ntchitoyi ndimaidziwa, ndipo ndimadziwanso kuti tsiku limene zala zimathamanga kwambiri ndi limene zimafuna kabuku.

Sabata ziwiri pambuyo pa Lachisanu lija, a Shaba anatulukira pashopu tsiku la msika, atanyamula nkhuku kumbuyo kwa njinga. Sanalowe. Anaima pakhomo, anandiitana kuti NyaPhiri, kenako anavula chipewa. Mutu unali wometa, tsitsi likungoyamba kumera.

"Yewo chomene," anatero. "Nawo amama ameta."