Tsiku limene munaitana Bulaki

Atate, lelo ndaona pa foni kamakina kamene madokotala amaika pamutu pa wodwala sitiloko, popanda kumung'amba, kuti timagetsi titakase ubongo, mawu abwelele. Ndalila, chifukwa inunso sitiloko inakulandani mawu, ndipo munamwalila osakaona kamakinaka kwathu ku Kaumbwe.

Ndakumbuka tsiku lija abale anu anabwela kudzatenga ng'ombe. Ankati, "Munthu wosalankhula angalimitse ng'ombe bwanji?" inu muli pomwepo. Munakoka mwendo mpaka kukhola, kenaka munakuwa, "Bulaki!" Ng'ombe yanu yakuda ija inatembenuka n'kubwela kwa inu. Onse anabwelela chimanjamanja. Atate, amene amati matenda anakulandani nzelu abwele adzanene pamaso panga. Ine ndinalipo, ndinamva ndi makutu angawa.