Mbale Yobowoka Pansi

Mbale ija inabwera m'bokosi lamatabwa, itakulungidwa ngati khanda. Azibambo awiri ovala magolovesi oyera anailowetsa m'nyumba ya ku Al Warqa, kuno kudziko la Aluya, akuyenda monyang'ama, ine nditaima pakhomo ndi kansanza kanga kopukutira fumbi, kudabwa kuti n'chiyani chikuwayendetsa chonchi anthu andevu zawo.

Madamu amene ndimawagwirira ntchito amakonda zoumba. Pabalaza panali kale agalu adothi onenepa ndi kamunthu konjuta kotong'ola maso, zonse zoumbidwa ndi mayi wina wa ku Mexico amene akuti amatsanzira kaumbidwe ka makolo ake akalekale. Zimenezo sindinkazida. Ndinkazipukuta n'kumaziseka chamumtima. Koma mbale iyi itatuluka m'bokosi, kuseka kunandithera. Inali yofiira, yosalala, yamawanga akuda a utsi ngati mbiya za kwathu ku Ntcheu, ndipo pakati penipeni inali ndi bowo. Sunali mng'alu ayi. Munthu anachita kuboola dala.

Madamu anandifotokozera okha, nkhope ili mwee. Akuti anthu akale a dziko limenelo ankaboola mbale chonchi n'kuivundikira kumaso kwa maliro poika m'manda, ndiye woumbayo anafuna kuwakumbukira. Atatha kunena zimenezo anaiika pakati pa tebulo lodyera, anatseka bowo lija ndi kapepala kopukutira pakamwa, n'kuthiramo tende, zipatso zotsekemera za kanjedza zimene kuno amalandirira nazo alendo.

Kwathu munthu akamwalira, mbale yake ndi kapu yake timaziboola ndi msomali n'kuzisiya pamtumbira. Palibe amene angadyeremo. Ngakhale wakuba amazilambalala. Amayi anga anali atamwalira dzinja lapitalo, ndipo ine kumaliro sindinapite, chifukwa madamu anati mwana wawo sangagone popanda ine. Chimene ndinalandira ndi chithunzi cha pafoni chochokera kwa mng'ono wanga: dothi lofiira, nkhata zamaluwa zofota, ndi mbale yachitsulo yoyera ya mkombero wabuluu imene amayi ankadyeramo, bowo lili pakati.

Choncho m'mawa uliwonse ndikamadutsa patebulo paja ndinkayang'ana kumbali. Tende wotsala akandipatsa ndinkakataya m'bini, pansi penipeni. Zinkandinyansa, ndipo ndinalibe womuuza.

Tsiku lina kunabwera alendo kudzaona zoumba zija, azimayi onunkhira mafuta odula, aliyense foni m'manja. Ankaizungulira mbale ija, kuijambula, kutolamo tende n'kumatafuna uku akuyamikira bowo. Ine ndinali ndi thireyi ya khofi. Ndiye ndinangoona mwana wa madamu, kamtsikana kamene ndakalera kuyambira kali kakhanda, kamene ndinkakabereka ndi chitenje changa, katakwera pampando n'kupisa dzanja m'mbalemo. Tende anali atafika pamlomo. Sindinaganize. Ndinamumenya padzanja, phaa, tende n'kugwera pansi.

Mwana analira. Alendo onse anatembenukira kwa ine.

Kuno wantchito sakhudza mwana wa bwana, makamaka alendo akuona. Chiphaso changa chokhalira m'dziko muno chili m'dzina la madamu, ndipo ana anga awiri kumudzi amaphunzira chifukwa cha nsanza yopukutira fumbi yomweyi. Ndinadziwa kuti mawa lake ndikhoza kukhala pabwalo la ndege ndi chikwama changa.

M'mawa anandiitanira kuchipinda chodyera. Mbale ija inali pakati pathu.

"Yalla, fulumira, lankhula," anatero madamu. "Mwana wanga unamumenyeranji?"

"Madamu, pepani. Mbale imeneyi ndi ya anthu akufa. Mwana sangadyeremo."

"Ndi yatsopano iyi. Sinafikepo kumanda."

"Koma inaumbidwira kumanda, madamu."

Anandiyang'ana ngati ndapenga. Ndinatulutsa foni, ndinatsegula chithunzi chija n'kuwapatsa. Ndinawauza kuti awa ndi manda a amayi anga, iyi ndi mbale yawo, ndipo umu ndi mmene timachitira kwathu. Ndinkayembekezera kuti mwina akumbukira tsiku limene ndinagwada kukhitchini kupempha kuti ndipite kumaliro.

Anachikulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri. Mtumbira unatuluka kunja kwa galasi la foni, maluwa anatuluka, inatsala mbale yokha. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako nkhope yawo inawala ngati tsiku lija la bokosi.

"Habibti, wokondedwa wanga, bwanji sunandiuze? Mexico ndi Malawi, mwambo umodzi! Ndipo iyi ndi yeniyeni, yagwirapo ntchito." Anandigwira paphewa. "Khalas, basi, za dzulo zatha, usadzabwerezenso. Koma umuuze mng'ono wako anditumizire mbale imeneyi. Ndiziika pamodzi ziwirizi, apa."

Analoza patebulo, pambali pa tende.

Kuno ndinaphunzira mawu amodzi othandiza munthu amene sangathe kukana, otanthauza kuti Mulungu akalola. Ndinati, "Inshallah, madamu." Ndinatenga foni yanga, ndinaipukuta pa yunifomu pamene zala zawo zinagwira, ndipo nditafika kuchimbudzi cha antchito ndinasanza tiyi yense wa m'mawa.

Ntchito sinandithere. Ana anga akupitabe kusukulu. Mbale ya ku Mexico ndimaitsuka ndine, madzi n'kumatulukira pabowo kundinyowetsa mapazi. Mng'ono wanga sindinamuuze kanthu, ndipo sindidzamuuza. Koma madamu saiwala. Pafupifupi mwezi uliwonse, ndikamapereka khofi, amauza alendo awo kuti kukubwera mbale ina yosowa kuchokera ku Africa, kenako amatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti ya amayi ija ifika liti.