Nkhungu Zitalowerera Nkhondo ya Mlongo Wanga

Mlongo wanga wopondana nane anagwirapo ntchito imene mpaka lero amayi satha kuifotokoza. Akafunsidwa kumpingo ankangoti ali ku zamakompyuta, n'kuyamba kufunsa za mtengo wa mpunga. Zoona zake n'zakuti ankalipidwa chifukwa chosewera gemu ya nkhondo, ndipo ine ndinaiona ntchitoyo kuyambira pamene inali chibwana mpaka pamene inamuthyola dzanja.

Tinakulira ku Nkhunga, pakati pa nyanja ndi esiteti ya nzimbe kumene bambo anali kapitawo wa odula nzimbe. Mlongo wangayo atalemba mayeso a Fomu 4 anapeza ganyu pa shopu ina ya pa Dwangwa yotayipira makalata ndi kuchita fotokope. Pakona panali kompyuta imene makasitomala ankaikana chifukwa zilembo za pa kiyibodi zinali zitafufutika. Mmenemo ndi mmene anapezamo gemuyo, itasiyidwa ndi munthu amene sitinamudziwe.

Kaseweredwe kake n'kotere. Umayamba ndi anthu ochepa pathengo. Umawatuma kudula mitengo, kulima, kukumba golide ndi kumanga nyumba. Chuma chikachuluka umalemba asilikali, n'kupita kukagumula mudzi wa mnzako iye asanagumule wako. Palibe kudikirana ngati pa bawo kuti sewera iwe kenako ine. Nonse mumagwira nthawi imodzi, ndipo wochedwa zala ndiye amapsa.

Atagula laputopu yakale ndi kasola, anayamba kumenyana pa intaneti ndi anthu a mayiko ena amene sanawaonepo nkhope. Zala zake pa kiyibodi zinkamveka ngati mvula yoyamba pa malata. Tsiku lina amayi anamumva akuuza mnzake pa foni kuti wawotcha nyumba zonse za mzungu wina wa ku Jeremani, ndi anthu ake omwe wapha. Sanamufunse kanthu. Mawa lake kunabwera amayi anzawo a kumpingo atavala zoyera, namuzungulira iye ndi laputopu yake, n'kuyamba nyimbo. Iye anangowatsegulira gemuyo kuti aone. Pemphero linatha msanga, chifukwa mayi wina amene ankatsogolera anafuna kudziwa kuti minda ija ndi ya mbewu yanji, ndipo n'chifukwa chiyani ilibe mizere.

Bambo ankaitcha ntchitoyo ulesi wa magetsi. Lamulungu lina anaima kumbuyo kwake kuti apeze pomudzudzulira. Anayang'ana kwa kanthawi, kenako n'kuloza kamunthu kena kamene kanangoima pafupi ndi mtengo, nkhwangwa ili m'manja.

"Uyo waima apoyo ali pa gulu la ndani?"

Mlongo wanga anakatuma kamunthu kaja kukadula mitengo. Bambo anagwedeza mutu, n'kukoka mpando.

Kuyambira pamenepo, akaweruka kuntchito ankakhala pambali pake. Za nkhondo analibe nazo gawo. Maso awo ankakhala pa antchito okha, ndipo akaona wina wangoima ankamukalipira ngati akumva. Koma mtima wa ukapitawo unkawakokeranso kwina. Ankadandaula kuti anthuwo amagwira tsiku lonse osapuma, opanda majombo, opanda phala, ndipo ankamuuza mwana wawo kuti akanakhala bwana weniweni akanagona kupolisi. Adani akalowa m'minda n'kupha olima, bambo ankavula chisoti. Nthawi zambiri malangizo awo ankamusokoneza, koma sakanawathamangitsa. Tindalama ta timipikisano titayamba kulowa pa foni, mawu akuti ulesi anasiya kumveka pakhomo.

Kenako kunabwera mpikisano waukulu wa osewera a mu Africa muno, aliyense akusewera ali kwawo, kamera ikumuonetsa nkhope kuti asabere. Mlongo wanga anagwetsa anthu mpaka kufika pa ndime yomaliza, kukakumana ndi mnyamata wina wa ku Iguputo. Linali Loweruka masana, nyengo yotentha, mwezi utangooneka kumene. M'nyumba netiweki inkadukaduka, ndiye anaika tebulo pansi pa mtengo wa mango kuseri, n'kupachika nsalu ya pabedi kuti dzuwa lisathobwe sikirini. Mbiri inali itamveka. Kunabwera anthu a m'mudzi, anzawo a bambo a ku esiteti, ndi amayi ovala zoyera aja omwe. Ine anandipatsa foni ina imene pankamveka azungu awiri owulutsa masewerawo, kuti ndizimasulira.

Zinthu zinayamba bwino. Azunguwo ankatama changu chake, ine n'kumawonjezera mchere pomasulira. Asilikali ake anafika pa mpanda wa Mwiguputo uja, n'kuyamba kuugumula. Pamenepo ndi pamene mayi wina anatembenuka n'kuona utsi wakuda utaima pamwamba pa nyanja, mphepo ikuukankhira kumtunda. Ananong'oneza mnzake kuti nkhungu.

Amene sanakhaleko kunyanja sangamvetse. Nkhungu ndi tizilombo touluka, tochepa kuposa udzudzu, timene timatuluka m'madzi tambirimbiri ngati mtambo. Sitiluma, ndipo ndi ndiwo: umatikola ndi lichero lonyowa, n'kuumba timikate. Koma sitidikira munthu. Mphepo ikasintha tapita. Posakhalitsa theka la anthu aja linali litathamangira malichero ndi madengu, amayi athu ali patsogolo.

Nkhungu zitafika zinakonda sikirini kuposa china chilichonse pabwalopo. Pakona pa sikirini pamakhala kamapu kamene adani amaoneka ngati timadontho. Mlongo wanga anangoona timadontho takuda tikulowa m'mudzi mwake kuchokera mbali zonse, tikuyenda. Anabweza asilikali onse amene anali atatsala pang'ono kumaliza ntchito, kuti akateteze kumudzi kumene kunalibe mdani ndi mmodzi yemwe. Azungu aja anayamba kukambirana mozama kuti imeneyi ndi nzeru yanji, wina n'kumati mwina ndi msampha umene sunaonekepo. Kenako anati kamera yake yawonongeka, chifukwa nkhope yake inali itachita mdima. Iye anali akulavula, akutsokomola, diso limodzi atatsinzina, koma zala osaima. Bambo ankakupiza sikirini ndi chisoti uku akukalipira antchito amene anaima. Ndipo poti nkhungu zinachulukira pamwamba pa tebulo pomwepo, amayi anafika ndi lichero lawo n'kuyamba kulizunguza pamutu pa mwana wawo, pamaso pa anthu a dziko lonse, nkhope ili gwaa ngati munthu amene ali pa ntchito. Azungu aja anasiya kuyankhula. Ndinkangomva mmodzi wa iwo akulira ndi kuseka. Anthu amene anatsala anandifunsa kuti akuti chiyani, ine ndinati akuyamikira.

Anagonja. Madzulo ake anakana mkate wa nkhungu, ndipo gawo lake anadya bambo.

Kanema wa zimenezo anafalikira pa intaneti, moti ngakhale mwini wake wa shopu ija anamulandira kuchokera kwa m'bale wake wa ku Joni. Mlongo wanga anadzitsekera m'nyumba ndi manyazi. Koma patapita masabata angapo anamuimbira akuluakulu a timu ina ya ku Ulaya. Anati anayamba ndi kuseka ngati wina aliyense, kenako anaonera masewero onse, n'kugwirizana kuti munthu wotha kusewera chonchija m'kamwa muli tizilombo ayenera kuyesedwa pamalo opanda tizilombo. Anamupatsa kontirakiti ndi malipiro a pamwezi. Bambo anafunsa zinthu ziwiri zokha: ngati kuli yunifolomu, ndiponso ngati kapitawo wake ndi munthu wabwino. Jezi itabwera, yolembedwa kumsana, anakhutira.

Mlongo wanga anasamukira ku Lilongwe kutsata netiweki yabwino. Ndinakamuonako kangapo, ndipo ndinapeza kuti gemu ija sinalinso masewera. Ankayeserera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kochi wake akumubwezera kanema wa zolakwa zake ngati mphunzitsi wa masamu. Anaonda. Pa tebulo lodyera zala zinkagundagunda zokha. Anakwera ndege kupita ku mipikisano ya m'maholo akuluakulu, kumene osewera amakhala pa pulatifomu atavala zotseka m'makutu, anthu akukuwa. Sanakhalepo katswiri wa dziko lonse. Anali wa gulu lija limene akatswiri sakonda kukumana nalo kumayambiriro, ndipo kamodzi anagwetsadi mmodzi wa iwo, nkhani imene bambo anaifotokozera gulu lawo lonse m'munda wa nzimbe. Komabe kulikonse kumene ankapita anthu ankamufunsa za nkhungu basi, ndipo omukonda ankamutumizira masikito ndi mankhwala opopera udzudzu mpaka kusowa poika. Ena ankafunsa ngati mayi wa lichero uja adzabwereko. Amayi atamva anati angapite bola awapatse nthawi yosoketsa diresi.

Zaka zingapo zitadutsa, dzanja lamanja linayamba kuwawa pamfundo. Madokotala anati lipume, koma ntchitoyo ilibe tchuthi. Kunabwera ana ang'onoang'ono a zala ngati mphezi, ndipo owulutsa aja anayamba kumutcha mdala, munthu asanakwanitse zaka makumi atatu. Kontirakiti itatha sanaisainirenso. Anabwera kumudzi dzanja litamangidwa, n'kutikhazika pansi kutiuza kuti wapuma. Bambo, imvi zili mbuu, majombo a kuntchito akadali kumapazi, anamufunsa:

"Ndiye kuti iwe wapuma ntchito ine ndisanapume?"

"Ndi mmene zimakhalira kumeneko, bambo."

Bambo atafunsa za penshoni, iye anati kulibe. Bambo anati izo anazidziwiratu, chifukwa bwana wosapatsa antchito ake phala naye sangaone zabwino.

Amayi anaumirira kuti munthu akapuma ntchito amatsanzikidwa, monga amachitira aphunzitsi ndi anamwino. Mlongo wanga anakana, koma mpunga unali utapunthidwa kale. Anamukhazika pa mpando wa ndalema pabwalo, anthu akuvina kubwera ndi mphatso: ndowa, ambulera, wotchi ya pakhoma, ndi nkhuku imene inathawa mwambo uli mkati. Mkulu wa mpingo, amene anangouzidwa mwachidule za ntchitoyo, anathokoza Mulungu kuti mwana wathu wabwerako wamoyo ku nkhondo zambiri chotero, n'kupempherera amasiye a onse amene anagwa m'manja mwake. Ine ndinaluma chitenje. Koma atamupempha kuti ayankhule, mlongo wanga anaimirira, n'kuyang'ana anthu onse aja amene sanamvetsepo zimene ankachita koma anabwera ndi ndowa zawo. Anangoti zikomo, n'kukhala pansi, akupukuta m'maso ndi dzanja lomangidwa lija.

Masiku ano amakhala pa Benga ndi mkazi wake, amaphunzitsa achinyamata a mayiko ena gemuyo pa intaneti, ndipo nthawi zina amawulutsa nawo mipikisano. Koma miyezi yoyamba ija anakhala pakhomo pa makolo. Lolemba lotsatira phwandolo, bambo anatulutsa njinga m'mawa monga mwa nthawi zonse, namanga chakudya pa kaliyala. Podutsa pa windo la mwana wawo anagogoda ndi chala.

"A penshoni, mukadzuka muthirire matimati."