Akalipentala anayi, wotsatsa palibe

M'masiku a atsamunda, ine, achimwene anga aakulu ndi alamu athu tinasiya ntchito yokhoma mabokosi a tiyi ku fakitale ya esiteti, n'kuyamba kupanga mipando kwathu ku Mphuka. Kupala matabwa tonse atatu tinkakudziwa. Koma pakamwa, aa! Munthu akabwera kudzafunsa mpando, achimwene ankangomulozera ndi chibwano n'kupitiriza kupala.

Kunali mayi wina wa ku Masambanjati amene ankagulitsa nthochi pa siteshoni ya sitima ku Luchenza. Ankayankhula Chilomwe, Chinyanja, ngakhale kachizungu, ndipo dengu lake silinkabwerera ndi kanthu.

"Achimwene, tiwatenge mayi aja kuti azititsatsira mipandoyi," ndinatero.

"Amatha kugwira sowo?" anandifunsa.

"Sowo tikugwira kale anthu atatu!"

Sanandimvere. M'malo mwake anabweretsa msuweni wathu, nayenso kalipentala, nayenso wamanyazi ngati mkamwini watsopano. Tinakhala anayi tsono, tonse mitu pansi, sowo kulira tsiku lonse, mipando n'kumangochuluka. Inadzaza khonde, ina tinaisanjikiza kuseri kwa nyumba kumene chiperoni chinkainyowetsa. Ndikadandaula, achimwene ankati mpando wabwino sufuna womuyankhulira, anthu adzabwera okha.

Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa, chifukwa inalidi mipando yabwino, yosagwedera mwendo ngakhale umodzi. Ndipo achimwene sananame kwenikweni. Kasitomala wobwera yekha anapezekadi, n'kuikonda mipando yathu yonse: chiswe.