Wonena Maliro wa ku Kurasini

A Laurent Kapalamula anabwera ku Dar es Salaam ali mnyamata, ndipo imvi zinawamerera ku Kurasini, pakampani ina yoombola katundu padoko, imodzi mwa zija zinamera ngati bowa boma litalola anthu kuchita okha malonda. Ntchito yawo inali yoona kuti malole opita ku Malawi anyamuke ndi mapepala oyenera. Koma Amalawi a mumzindawu ankawadziwira ntchito ina: kunena maliro.

Palibe anawasankha. Madalaivala ochokera kumudzi ankafikira kwa iwo, ndiye uthenga woipa unkatsikiranso pomwepo. Anali ndi kachitidwe kawo. Ankavala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, n'kutenga mayi mmodzi wa kutchalitchi woti akagwire wofedwa. Akafika ankakhala pansi, chipewa pabondo, n'kuyamba ndi matenda: "Uje sali bwino." Matendawo ankakula pang'onopang'ono mpaka mwini wake atakonzeka kumva mawu otsiriza. Munthu, iwo ankatero, sauzidwa imfa ali chiimire.

Kenaka kunabwera mafoni a intaneti, ndi gulu la pa Watsapu la Amalawi a mu Dar. A Laurent analowamo mochita kukokedwa, ndipo sankabisa kuti limawanyansa. Mmenemo munthu akamwalira, chithunzi chake chinkatuluka thupi lisanazizire, pansi pake timakandulo ndi tinkhope tolira, aliyense kulimbirana kukhala woyamba ngati kuli mphoto.

Tsiku lina masana, dalaivala wina amene anali cha ku Mbeya anawaimbira. Lole ya Joachim, mwana yekhayo wa mai Phyllis a ku Tegeta, dera lina la mumzindawu, inali itagubuduzika pamtsetse, ndipo Joachimyo anafera pomwepo.

"Madala, anthu ajambula kale," anatero dalaivalayo. "Fulumirani."

A Laurent anadzuka, n'kutola jekete. Mai Phyllis anali amasiye, odwala matenda othamanga magazi, ndipo foni sinkachoka m'manja mwawo. Anawagulira ndi Joachim yemweyo, ndipo ankaonerapo nyimbo za kwaya uku akugulitsa zitumbuwa pakhonde. Akaona chithunzicho ali okha, maliro akanatha kukhala awiri.

Ali chithamangire kukakwera daladala, minibasi ya mumzindawu, a Laurent anaimbira Deogratias, mnyamata woyendetsa gululo, wobadwira konkuno, amene Chichewa chake chinali chotsimphina.

"Tseka gulu lija, tsopano lino! Aliyense asalembe."

"Shikamoo, mzee. Ndili kazini, kuntchito, bwana ali pafupi. Halafu magulu ali ambiri, la tchalitchi, la madereva. Nitseke gulu liti?"

A Laurent anangodula foni. Nthawi yokatenga mayi wa kutchalitchi panalibe, ndipo aka kanali koyamba kupita okha.

Pa Kijitonyama daladala inaima nji. Foleni, mzere wa magalimoto, inali itatseka msewu wa Bagamoyo mpaka kumene maso amalekezera. Thukuta linkayenderera mkati mwa jekete. Ndipo m'thumba foni inanjenjemera. Anaitulutsa monyinyirika: lole ili chagada, nambala yake ikuoneka bwinobwino. Wina anafunsa kuti ndi ya ndani. Wina, wodziwa zonse ngati mwa masiku onse, anatchula dzina.

Ndi chala chimodzi a Laurent analemba: "Chonde fufutani, amake sanamve." Mawuwo anakhala kanthawi kochepa, kenaka anamira pansi pa makandulo. Anatsika, n'kuimitsa bodaboda, njinga yamoto imene analumbira kuti sadzakwera mpaka kufa, ndipo anatseka maso pamene inkapyola pakati pa mabasi.

Atafika ku Tegeta anatchera khutu. Kulira kunalibe. Mtima unatsika pang'ono, koma pakhonde panalibe munthu, ndipo beseni la zitumbuwa linali litavindikiridwa.

"Odi!"

"Karibu, achimwene."

Mai Phyllis anali atakhala pamphasa, miyendo atatambasula, chitenje atamanga zolimba m'chiuno. Patsogolo pawo anali ataikapo mpando. Foni inali pazenera chafufumimba, ikunjenjemerabe.

A Laurent anakhala, naika chipewa pabondo. Anapatsana moni, kufunsana za m'thupi ndi za kutentha, ngati kulibe kanthu. Kenaka a Laurent anayamba.

"Amake Joachim, mwana wathu sali bwino."

"Ndaona, achimwene," anatero mai Phyllis, mawu ali ouma. "Lole ndaiona. Nsapato yake ndaiona, ili m'mbali mwa msewu. Koma ndakana. Mwana amene ndinamubereka ine sangandifere pafoni. Ndinadziwa kuti mukubwera." Anakweza maso, n'kuwayang'ana a Laurent. "Pitirizani, monga mumachitira kwa anzanga. Musadumphe."

A Laurent anafuna kulira, iwo amene sanalirepo pa ntchito imeneyi. Anapitiriza. Ananena kuti panachitika ngozi panjira. Anadikira. Ananena kuti Joachim wavulala kwambiri, kuti anzake anayesetsa. Mai Phyllis ankangogwedeza mutu pa mawu alionse, maso ali pakamwa pawo.

"Amake Joachim, mwana wathu watisiya."

Apo m'pamene mayiyo anakuwa, mfuu imene inatulutsa anthu m'nyumba zonse za mumzerewo. Ndipo poti panalibe mayi wina woti awagwire, a Laurent anatsika pampando, n'kuwagwira okha.