Zimene Ndinalemba Pansi pa Inki Yofiira

Kwa amayi a mabuku ndinkapitako Lachitatu masana, ndikachoka kumunda wa mpunga, matope asanaume n'komwe m'miyendo. Tinkawatchula choncho chifukwa cha mabokosi awiri amene ankakhala pakhonde pawo, atawasanjika pa njerwa kuopa chiswe. Mayiwo anagwira ntchito yotaipa makalata ku koleji zaka zambiri, ndipo popuma anabwera ndi mabuku amene aphunzitsi ankawasiya akamasamuka. Munali za mtundu uliwonse: nkhani zopeka za Chichewa ndi za Chingerezi, mbiri ya mayiko, kawetedwe ka nkhuku, za thupi la munthu, ndi lina la nyenyezi limene linalibe chikuto.

Kubwereka kunali kwaulere, koma lamulo linalipo limodzi. Kumapeto kwa buku lililonse ankamatako pepala la m'kope ndi phala la chinangwa, ndipo usanabweze buku unkayenera kulembapo maganizo ako. Dzina ayi. Zinali zaka zija za m'ma 1990, anthu titangoyamba kumasuka pakamwa, ndipo ambiri tinkaopabe kulemba chinthu chimene chingatilondole mpaka pakhomo. Komatu ku Domasi kubisa dzina n'kudzivutitsa chabe. Tinkadziwana kalembedwe ngati mmene tinkadziwirana mayendedwe.

Ine ndikangotenga buku ndinkayambira kumapeto, poti n'kumene kunali nkhani. Pa buku la nkhuku wina analemba kuti, "Wolembayu chitopa sanachionepo. Abwere kuno nthawi yotentha." Pa nkhani ina ya chikondi, mayi wina wa ku Naisi wa zilembo zopendekera anafunsa kuti, "Masamba onsewa anthu awiriwa akungoyang'anana m'maso. Amalima nthawi yanji?" Pansi pake wina anamuyankha kuti, "Amayi, si tonse tinabadwira khasu." Pa buku la mbiri panali mawu ochepa: "Ndagona katatu, koma ndaphunzira." La apolisi ofufuza linalandira zake: "Wakubayo ine ndinamugwira pa tsamba la khumi. Apolisi a m'bukumu akabweze mayunifolomu." Ndipo pa la thupi la munthu mkulu wina anachenjeza kuti, "Zoona zokhazokha, koma zithunzi zanyanya. Bisirani ana." Ndinkaseka ndekha pamsewu ngati wosokonekera.

Panali munthu m'modzi amene ankalemba ndi inki yofiira. Anali aphunzitsi anga akale a Sitandade 7, amene pa nthawiyo anali atapuma ntchito ndipo anali mkulu wa mpingo kwathu. Iwo akalemba, nkhani inkathera pomwepo. Otsatira onse ankangoti, "Ndagwirizana ndi aphunzitsi." Anthu ankatsutsana okhaokha mpaka pepala kudzaza, koma pansi pa inki yofiira panalibe wotsutsa. Ungayankhe bwanji munthu amene anakugwira dzanja pokuphunzitsa kulemba? Kwathu wamkulu ukasiyana naye maganizo umangoti "chabwino bambo", n'kukadandaulira kumadzi.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 8. Pakati pa anthu a ku koleji ndi a m'maofesi ndinkadziona wochepa, choncho pa buku lililonse ndinkalemba mawu omwewo ndi pensulo: "Buku labwino. Zikomo." La nyenyezi, limene sindinamvemo kanthu, linali labwino. La nkhuku, limene linandikwiyitsa, linali labwinonso.

Mabukuwo sindinkawabwereka pofuna kudzionetsa. Chaka chimenecho ndinali nditaika mwana wanga wamkazi wa zaka ziwiri, amene anapita ndi malungo. Bambo ake anali ku Limbe kosaka ntchito, ndipo anangobwera kumaliro n'kubwerera. Ndikakhala kumunda kuingitsa mbalame, mutu unkangozungulira pa mwanayo mpaka ndinkaopa kuti ndipenga. Koma ndikatsegula buku, dzanja lina lili pa chingwe cha zitini zoopsezera mbalame, maganizo ankandipatsako mpata wopuma. Kunena zoona, mabokosi awiri aja ndi amene anandigwira chaka chimenecho.

Tsiku lina amayi a mabuku anatsegula kumapeto kwa buku limene ndinabweza, anayang'ana pamwamba pa magalasi awo, n'kunena kuti, "Achemwali, mabuku onsewa abwino okhaokha? Ngakhale ana a mimba imodzi sakoma mtima onse. Mukundinamiza."

"Sindikunama, amayi."

"Ndiye simukuwerenga. Sankhanipo chimodzi."

Ndinapsa mtima, koma ndinangoyang'ana pansi. Iwo anapisa dzanja m'bokosi n'kundipatsa kabuku kopyapyala ka Chichewa. Anati, "Ili mukalembe zenizeni. Mukabwera ndi 'buku labwino', lina simutenga." Mpaka lero sindidziwa ngati anasankha dala kapena dzanja linangogwera pomwepo.

Inali nkhani ya mayi wina wa m'tauni wogulitsa tomato. Chapakati pa bukulo mwana wake anamwalira, ndipo patangopita masiku atatu mayiyo anasenza dengu kubwerera kumsika. Nditafika pamenepo ndinatseka buku, mbalame n'kumadya mpunga ine ndikuziona. Kenako ndinatsegula kumapeto. Inki yofiira inalipo: "Nkhani yoyenda bwino, koma wolembayu amayi sawadziwa. Palibe mayi wa mtima amene angaike mwana m'manda n'kukakhala pamsika sabata yomweyo. Mayi wotere ndi mwala." Pansi pake anthu atatu anagwirizana ndi aphunzitsi.

Ine ndinachita zimenezo. Patapita masiku anayi chiikireni mwana wanga, tisanamete n'komwe, ndinasenza mpunga kupita nawo kumsika. Mkulu wake wa malemuyo nayenso anali atayamba kutentha thupi, m'nyumba munalibe kalikonse chifukwa zonse zinathera pamaliro, ndipo ndinkafuna yokwerera minibasi kupita naye kuchipatala. Ndinakhala pamsikapo nditafunda chitenje kumutu, ndikuyeza mpunga ndi mbale, osaona nkhope ya munthu aliyense. Palibe amene anandinena pamaso, koma ndinkadziwa kuti nkhani inayenda.

Bukulo ndinakhala nalo masabata atatu. Kulemba zoona kunali kutsutsa aphunzitsi anga, munthu amene anatsogolera pemphero kumanda a mwana wanga yemweyo, ndiponso kunali kudziulula kwa dera lonse. Kusalemba kunali kutsazikana ndi mabokosi aja. Ndinaganiza zonena kuti buku lanyowa ndi mvula, koma mayi aja sanali munthu womunamiza kawiri.

Ndinapita nalo pepala lili momwemo, lopanda mawu anga. Amayiwo analitsegula, analitseka, n'kuliika pamwendo.

"Zikomo pobweza. Muyende bwino."

"Amayi, ndibwerekeni lina. Lililonse, ngakhale la nyenyezi lija."

"Lamulo mukulidziwa."

"Pali inki yofiira pamenepo. Mukufuna ndiwachite mwano aphunzitsi?"

"Ine ndikufuna maganizo anu, achemwali. A aphunzitsi ndili nawo kale."

Ndinawada mayi amenewo tsiku limenelo, ndisabise. Ndinaimirira kuti ndizipita, ndinafika mpaka pa mtengo wa mapeyala umene unali pachipata, koma nditaganiza za mawa lake kumunda, ine ndekha ndi mbalame ndi mutu wangawu, miyendo inakana. Ndinabwerera, ndinakhala pansi pakhondepo, n'kupempha pensulo. Iwo analowa m'nyumba ngati akukatenga kanthu ndipo sanatuluke mpaka nditamaliza.

Ndinalemba motere, ndipo ndimakumbukirabe liwu lililonse: "Pepani aphunzitsi, sindikugwirizana nanu. Wolembayu amayi amawadziwa. Mayiyu sanapite kumsika chifukwa choiwala mwana. Anapita chifukwa kunyumba kunatsala wina wofuna kudya. Amene amakhala m'nyumba mwezi wonse akulira ndi amene ali ndi womugulira ufa. Buku ili landiliza, koma ndi loyamba kunena zoona za ine."

Amayi a mabuku atawerenga sananene kuti ndalemba bwino kapena molakwika. Anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali ndi nsonga ya chitenje, kenako anakankhira bokosi lonse kwa ine ndi phazi kuti ndisankhe ndekha. Mayi amenewo anatisiya kalekale, ndipo sindinawathokoze mokwanira ali moyo. Anandiumira mtima pa tsiku limene munthu wachifundo wamba akanandilekerera, ndipo ndimawayamika pa chimenecho kuposa pa mabuku onse amene anandibwereka.

Koma mantha sanathe. Aliyense ankadziwa kuti aphunzitsi ankakonda kubwerekanso mabuku amene analembapo kale, kuti aone amene agwirizana nawo. Lamulungu kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo tikamatuluka ndinkazemba mzere wopatsana moni. Mayi wa ku Naisi uja anandipeza kuchigayo n'kundigwira mkono mwamphamvu, ndiye ndinadziwa kuti bukulo layamba kuyenda.

Patapita mwezi ndi theka, m'mawa wina ndinkapita kumsewu waukulu nditasenza thumba la mpunga wopuntha. Ndinamva belu la njinga kumbuyo ndipo ndinapatuka. Njingayo sinadutse. Anali aphunzitsi, atavala jekete lawo la masiku onse, ndipo anatsika. Ndinayesa kugwada ndi katundu kumutu, iwo n'kundiletsa ndi dzanja.

"Tula thumbalo, mwananga. Tiike apa."

Tinalimanga pakaliyala ndi chingwe cha mphira, ndipo anayamba kukankha njingayo, ine ndikutsatira pambali. Tinayenda kamtunda ndithu. Ine ndinali nditakonza kale mawu opepesa, ndikungodikira kuti ayambe kundidzudzula.

"Ndinawerenga," anatero.

"Pepani bambo, sindinafune kuchita mwano."

"Usapepese. Ndimvere kaye." Anaima, akuyang'ana pa handulo ya njinga. "Tsiku lija unali pamsika utafunda chitenje, ine ndinakuona. Ndinadutsa patali kuti ndisakupatse moni. Mawu amene ndinalemba m'buku muja sindinalembere mayi wa tomato. Ndinali ndikuganiza za iwe."

Zimene ndinkaziopa miyezi yonseyo, kuti anthu ankandiona ngati mwala, zinali zoona, ndipo wondiuza anali munthu amene ndinkamulemekeza kuposa onse. Ndinamva mkwiyo, ndipo pamodzi ndi mkwiyowo ndinamva kupepukidwa, poti tsopano chinthucho chinali poyera.

"Sindinafunse kuti kunyumba kwako kuli bwanji," anapitiriza. "Ndinali ndi chimanga m'nkhokwe sabata imeneyo. Ndikhululukire."

Munthu wa imvi, mkulu wa mpingo, kupepesa kwa ine pakati pa njira, anthu opita kumunda akudutsa. Misozi imene sinatuluke pamsika paja inatulukira pamenepo, ndipo iwo anangoima atagwira njinga mpaka nditatonthola. Kenako anafunsa funso limene palibe anali atandifunsapo chichitikireni zonsezo.

"Ndinamva mochedwa kuti mkulu wake wa malemu uja ankadwalanso. Nanga unafika naye kuchipatala?"

"Ndinafika naye, bambo. Anachira. Chaka chamawa ayamba sukulu."

Anagwedeza mutu kangapo, anapukuta m'maso ndi chala chachikulu, n'kuyambanso kukankha njinga. Thumba lija anandiperekezera mpaka pamsewu, ndipo anadikira nane mpaka minibasi itabwera.